Chingwe cha Kubafa ndi Tulo ta Mnzako

Nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku, nyumba yonse ili zii. Munthu wadzidzimuka kutulo kuti akataye madzi. Atsika pabedi mosamala, ayenda monyang'ama, atsegula chitseko cha kubafa pang'onopang'ono. Kenako apapasa mumdima mpaka dzanja likhudze chingwe cholendewera kudenga. Akoka. Kha! Phokosolo limveka m'zipinda zonse, kuwala kothobwa m'maso kudzaza m'bafamo, fani yotulutsa nthunzi iyamba kulira, ndipo khanda limene mayi ake analigoneka movutikira madzulo lidzuka n'kuyamba kulira nalonso.

Zoterezi zimachitika usiku uliwonse m'nyumba zambiri za ku Britain, dziko limene linazolowera kuyatsa magetsi a kubafa pokoka chingwe. Amalawi okhala kumeneko amazidziwa bwino, makamaka amene amagawana nyumba ndi anzawo ogwira ntchito ya mashifiti, kumene wina akamadzuka mnzake amakhala akungogona kumene. Koma phokoso lija silinabwere mwangozi. Linalowa m'nyumba ndi cholinga, ndipo cholingacho chinali kupulumutsa moyo. Wofuna kulichepetsa ayambe wadziwa kumene linachokera.

Kwa zaka mazanamazana, munthu wa ku Britain wodzuka usiku analibe chokoka kapena chodina. Chimbudzi chinali panja, kumapeto kwa bwalo, ndipo m'nyengo yozizira anthu ankasunga mphika pansi pa bedi kuti asatuluke. Wofuna kuwala ankayatsa kandulo ya mafuta a nkhosa kapena a ng'ombe, potapa moto pakhala lotsala pachitofu, kapena pogundanitsa mwala ndi chitsulo mpaka moto uthetheke. Ntchito imeneyi inali yochedwa ndiponso yaphokoso. Machesi oyatsa pokhula anatulukiridwa mu 1826 ndi John Walker, wogulitsa mankhwala wa ku Stockton-on-Tees, ndipo anayamba kuwagulitsa chaka chotsatira. Makolo athu nawonso ankadziwa vuto lomweli. Wopita kuseri usiku ankasolola chikuni pamoto kapena kuyatsa muuni wa udzu, ndipo palafini atafika kunabwera nyali ya koloboyi ndi mwaye wake.

M'zaka zomwezo za m'ma 1800 munabadwa kanthu kamene tiyenera kukasunga m'mutu, chifukwa tidzakumana nako kumapeto. Opanga makandulo a ku London, monga kampani ya Price's, ankagulitsa timakandulo tatifupi, tonenepa, toyaka pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Kakanduloko ankakakhazika m'kambale kokhala ndi timadzi poopa moto, n'kukaika pafupi ndi bedi la mwana kapena la wodwala. Kuwala kwake kunali kochepa, kwachikasu, kokwanira kungoona pamene pali chitseko. Chachikulu n'chakuti kankayatsidwa madzulo anthu asanagone, choncho wodzuka pakati pa usiku sankafunikanso kuyatsa chilichonse.

Chimbudzi nachonso chinali ndi ulendo wake wolowa m'nyumba. John Harington anafotokoza za chimbudzi chogejemula ndi madzi mu 1596, koma anthu sanachilandire. Mu 1775 Alexander Cumming, mmisiri wa mawotchi, anakonza paipi yopindika imene imasunga madzi pang'ono kuti fungo lisabwerere m'nyumba. Popanda kupindika kumeneku palibe akanalola chimbudzi kuyandikana ndi chipinda chogona. Mu 1858 mtsinje wa Thames unanunkha koopsa chifukwa cha zonyansa za mzinda, mpaka aphungu a nyumba ya malamulo anavomereza kuti injiniya Joseph Bazalgette amange ngalande zazikulu za suweji pansi pa London. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, lamulo la 1919 linalimbikitsa makhonsolo kumanga nyumba za anthu wamba, zambiri zokhala ndi posambira mkati. Pang'onopang'ono bafa ndi chimbudzi zinasendera mpaka kukhala khoma limodzi ndi bedi. Walira mvula walira matope: ulendo wa panja m'chisanu unatha, koma chilichonse chochitika kubafa chinayamba kumveka kwa ogona.

Magetsi anafika m'nthawi yomweyo. Mu 1879 Joseph Swan anaonetsa babu lake kwa anthu a ku Newcastle, ndipo chaka chomwecho Thomas Edison anayatsa lake ku Menlo Park, ku America. Mu 1880 mababu a Swan anawala m'nyumba ya William Armstrong yotchedwa Cragside, ndi magetsi opukusidwa ndi madzi. Anthu anasangalala kuona kuwala kopanda utsi, koma posakhalitsa anaona kuti mlendoyu ali ndi mkwiyo wake. Malamulo oyamba a kaikidwe ka mawaya ku Britain anatuluka mu 1882, ndipo nkhani yake yaikulu inali kupewa moto woyamba ndi nyali zamagetsi.

Pamene pankaopsa kwambiri panali paswichi. Maswichi oyamba anali timikono tachitsulo timene munthu ankakankha ndi dzanja, liwiro lake n'kudalira iye mwini. Zitsulo ziwiri zodutsa magetsi zikamasiyana pang'onopang'ono, magetsi safuna kuduka. Amalumpha mpata umene uli pakati, n'kupanga kamoto kothetheka kamene kamadya zitsulozo, kutenthetsa swichi, ndipo nthawi zina kuyatsa nyumba. Amene anathetsa vutoli ndi John Henry Holmes, injiniya wa ku Shieldfield mumzinda wa Newcastle, mu 1884. Iye anaika sipuling'i mkati mwa swichi. Chala chikamakankha, sipuling'iyo imakunga mphamvu, zitsulo zili chigwiranire. Ikafika pamlingo wake imafwamphuka kamodzin'kamodzi, zitsulo n'kusiyana mofulumira kwambiri moti kamoto kaja sikapeza nthawi yokula. Kaya wokankhayo ndi mwana wamphuma kapena gogo wa manja onjenjemera, liwiro la mkati limakhala limodzimodzi. Kufwamphuka kumeneko ndiye kha! uja timamva. Ndi mawu a moto umene walephera kuyaka.

Moto utagonjetsedwa, panatsala madzi. Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri, mwina mpaka ma ohm 100,000, koma likanyowa kukanizako kumatha kutsika kufika cha pa 1,000. Munthu wotuluka m'madzi, wopanda nsapato, ataima pansi ponyowa, ndi njira yabwino kwambiri imene magetsi angadutse popita m'nthaka. Nyumba za ku Britain zinkalandira ma volt pafupifupi 240, kuwirikiza kawiri a ku America amene ndi 120, choncho akatswiri a kumeneko anakhwimitsa malamulo a m'bafa kuposa anzawo. Anasankha njira ziwiri. Yoyamba inali kuika swichi kunja kwa chitseko. Yachiwiri inali kuikweza kudenga, kutali ndi dzanja lonyowa, n'kutsitsako chingwe chosadutsa magetsi. Umu ndi mmene chingwe cha kubafa chinakhazikikira.

Chifukwa chimene swichi ya chingwe imalirira kuposa ya pakhoma n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anaonapo ng'oma ikukungidwa. Mkati mwake muli kagudumu ka mano kamene kamasuntha sitepe imodzi pa kukoka kulikonse, ndi sipuling'i yolimba yobweza chingwe pamalo pake. Zonsezi zili m'kachibekete kapulasitiki komangidwa ndi masikuluu pasiling'i. Siling'iyo ndi bolodi lopyapyala, lotambalala, ndipo pamwamba pake pali mphako. Kugunda kwakung'ono kumanjenjemeretsa bolodi lonse monga chala chimachitira pachikopa cha ng'oma, ndipo matabwa a denga amanyamula kunjenjemerako kukafika nako pamwamba pa bedi la chipinda china. Matailosi a m'bafa nawonso sameza phokoso, amangolibweza. Masana palibe amalabada. Usiku, khutu la wogona limatola zonse.

Njira yoyamba yofewetsera swichi inachokera kutali ndi kubafa, kumalo opangira magetsi. Makampani ambiri oyambirira ankapereka magetsi oyenda mbali imodzi, otchedwa DC, amene kamoto kake kakayamba sikazima msanga. Lamulo la 1926 linakhazikitsa bungwe lolumikiza dziko lonse la Britain ndi mawaya akuluakulu, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ntchitoyo inayamba kugwira, ndi magetsi a AC osinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi. Magetsi oterewa amafika pa ziro ka 100 pa sekondi iliyonse, ndipo pa ziro paliponse kamoto kothetheka kamafa kokha. Zimenezi zinapatsa amisiri mwayi wopanga maswichi a mpata waung'ono ndi sipuling'i yofewa. Maswichi odina aja, opendekera uku ndi uku ngati katungwe wa ana, amene tili nawo pamakoma lero, ndi zidzukulu za kusintha kumeneku.

Ku America anayesa njira ina. Makampani ngati General Electric ankagulitsa maswichi osalira n'komwe, okhala ndi kabotolo kotsekedwa momwe munali dontho la mercury, chitsulo chija chooneka ngati madzi asiliva. Ukapendeketsa swichi, dontholo linkayenderera n'kulumikiza mawaya awiri mwakachetechete. Zinaoneka ngati nkhani yatha. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mercury ndi poizoni amene amawononga ubongo ndi mitsempha, ndipo nyumba zikamagwetsedwa timabotolo tija tinkasweka pamtaya. Maswichiwo anasiya kupangidwa, ndipo mu 2013 maiko anasainirana pangano la Minamata lochepetsa kugwiritsa ntchito chitsulochi. Bata la m'chipinda chimodzi silikanagulidwa ndi thanzi la mtsinje ndi nsomba zake.

Mu 1959 Joel Spira, katswiri wa sayansi wa ku New York, anapanga kachipangizo kochepetsera kuwala kokwana m'kabokosi ka swichi wamba. Zochepetsera kuwala zinalipo kale m'nyumba za zisudzo, koma zinali zazikulu ndi zotentha. Chake chinkagwiritsa ntchito tizipangizo ta semiconductor, timene timatsegula ndi kutseka magetsi popanda chitsulo chogunda chinzake. Mu 1961 iye ndi mkazi wake Ruth anayambitsa kampani ya Lutron. Apa panatuluka mfundo ziwiri zimene nkhani yathu inkadikira: magetsi angathe kuyatsidwa popanda kugunda kulikonse, ndipo nyali siyenera kukhala yongoyaka ngwee kapena kuzima bii, ingakhalenso pakatikati.

Nanga dzanja lonyowa lija? Yankho lake linali litagona m'mabuku kuyambira 1800, pamene William Herschel anadutsitsa kuwala kwa dzuwa pagalasi logawa mitundu, n'kuika choyezera kutentha kupitirira pamene mtundu wofiira unathera. Anapeza kuti pamalo ooneka opanda kanthuwo panali potentha. Anali atatulukira kuwala kosaoneka ndi maso, kumene lero kumatchedwa infrared. Thupi la munthu aliyense wamoyo limatulutsa kuwala kumeneku usana ndi usiku. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 amisiri anayamba kupanga masensa okuzindikira, poyamba pofuna kugwira akuba. Kapulasitiki koyera, kamagawomagawo, kamene kali pankhope ya sensa kamatsatira nzeru ya Augustin Fresnel, amene m'zaka za m'ma 1820 anapangira nsanja zounikira zombo magalasi a mizeremizere. Kamagawa chipinda m'zigawo, ndipo thupi lofunda likachoka m'chigawo china kulowa china, sensa imadziwa kuti mwalowa munthu. Palibe chokhudza, choncho palibenso dzanja lonyowa lokumana ndi magetsi.

Pamene amisiri ankalimbana ndi khutu, madokotala anatulukira kuti diso nalonso lili ndi dandaulo lake. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima bwinobwino, koma babu lowala limafafaniza kuzolowerako m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake munthu akazimitsa magetsi a kubafa amabwerera kuchipinda ali wakhungu kuposa mmene anachokera, n'kumapunthwa pamipando. Mu 1958 Aaron Lerner ndi anzake a pa yunivesite ya Yale anapeza melatonin, madzi a m'thupi amene amachuluka mdima ukagwa n'kuuza thupi kuti ino ndi nthawi yogona. Mu 2002 David Berson ndi anzake a pa yunivesite ya Brown anasonyeza kuti m'diso muli maselo apadera amene ntchito yawo yaikulu si kuona zinthu ayi, koma kuuza ubongo ngati kunja kwacha. Maselowa amamva kwambiri kuwala kobiriwira ngati thambo, kwa ma nanometre pafupifupi 480. Kuwala koyera mbee, kumene mabafa ambiri amakonda kuti pometa ndevu pazioneka bwino, kuli ndi mtundu umenewu wochuluka. Kwa wodzuka pakati pa usiku, kuwala kotere n'chimodzimodzi tambala wolira nthawi isanakwane.

Chida chothetsera vutoli chinali chikukula kale. Nick Holonyak anapanga nyali yaing'ono yofiira yotchedwa LED mu 1962. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan anakwanitsa kupanga LED yowala yamtundu wa thambo, imene inatsegula njira ya mababu oyera a masiku ano, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2014. LED imadya magetsi ochepa kwambiri moti timabatire tochepa timatha kuisunga nthawi yaitali, sitentha, ndipo ingapangidwe kuti iwale mtundu uliwonse, kuphatikizapo wachikasu chofiirira umene susokoneza tulo kwenikweni.

Mitsinje yonseyi ikakumana, munthu wa lero ali ndi zosankha zingapo. Alipo maswichi a chingwe amene mkati mwake mulibenso kagudumu kolimba kaja, koma tizipangizo tochepetsera kuwala. Amayatsa mofewa, ndipo ukagwira chingwe osachisiya, kuwala kumakwera kapena kutsika, bola mababuwo akhale amtundu wolola kuchepetsedwa. Ena amachotseratu chingwe n'kuika sensa kudenga. Apa wogula afunse bwino, chifukwa masensa ambiri ali ndi kachitsulo kogunda mkati kotchedwa relay, kamene kamalira nakonso, ndipo sensa yolumikizidwa kubabu lalikulu imathetsa phokoso koma kusiya kuthobwa m'maso. Ena amasamutsira swichi kunja kwa chitseko, pakhoma la njerwa limene silinjenjemera ngati siling'i. Palinso nkhani ya fani, imene m'nyumba zambiri ndiyo imasokosa kuposa swichi. Malamulo a zomangamanga ku England amafuna kuti fani ya m'bafa itulutse malita 15 a mpweya pa sekondi, ndipo m'bafa lopanda zenera ipitirize kuzungulira mphindi 15 munthu atatuluka. Ikalumikizidwa kubabu, ulendo wa mphindi imodzi umasiya kulira kotalika. Fani yoyaka yokha ikamva chinyezi cha madzi osamba imakhala chete pa ulendo wa usiku. Ntchito zonsezi zokhudza mawaya a m'bafa ndi za mmisiri wamagetsi wophunzira, chifukwa madzi ndi magetsi sizinasinthe khalidwe chiyambire 1882. Safunsa anadya phula.

Koma njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yotsika mtengo kuposa zonsezi, ndipo sikhudza waya uliwonse. Ndi kanyali ka batire, kokhala ndi sensa yoona munthu ndi ina yoona mdima, kowala mwachikasu, komatidwa m'munsi mwa khoma pafupi ndi pansi. Kena kakhale m'njira yochokera kuchipinda, kena m'bafa momwemo. Munthu akatsika pabedi kamayaka kokha, kuunikira mapazi osati nkhope, ndipo akabwerera kamazima kokha. Chingwe chija chimakhala chilendewerere, kudikira ntchito yake ya m'mawa. Ndi kakandulo ka m'kambale kaja kabweranso, kopanda lawi ndi utsi.

Chimene sindingavomereze ndi kuyenda mumdima poopa kudzutsa anthu. Amene amadzuka kawirikawiri usiku ndi okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala, ndipo ndi omwewo amene kugwa kumawapweteka koposa. Gogo akathyoka fupa la m'chiuno pamatailosi oterera, moyo wake wonse umasintha. Ambiri a iwo sayatsa magetsi chifukwa cha ulemu, posafuna kuvutitsa ana awo amene akupita kuntchito m'mamawa. Nyumba imene imakakamiza gogo kusankha pakati pa chitetezo chake ndi tulo ta zidzukulu ikufunika kukonzedwa, ndipo kukonza kwake n'kwa kanyali kamodzi.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Magetsi athu ndi a ma volt 230, osinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo pulagi yathu ya mano atatu amakona ndi yomweyo ya ku Britain, chifukwa umisiri wa mawaya tinautengera kumeneko. Kuchokera pamene makina a pa Nkula anayamba kupukusa magetsi pa mtsinje wa Shire mu 1966, mawaya afika m'nyumba zambiri za m'tauni, ndipo omanga lero ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu akufuna bafa ndi chimbudzi zikhale m'chipinda chogona momwemo. Amenewa aganizire za usiku mapulani akadali papepala: swichi ikhale pati, khoma liti likugundana ndi mutu wa bedi, kuwala kochepa kuchokere kuti. Kanyali ka batire kali ndi ubwino winanso kwa ife, woti magetsi akazima iko kamayakabe. Ndipo m'makomo ambiri, kumene chimbudzi chikadali kuseri kwa nyumba, nyali ya sola yosiyidwa pakhomo kapena tochi yokhala pamalo amodzi odziwika kwa onse imagwira ntchito yomweyo: kuonetsa njira, kuonetsa njoka ndi chinkhanira, popanda kufufuza machesi mumdima n'kugwetsa ziwiya.

Pali chingwe chimodzi chimene sichiyenera kutontholetsedwa. M'nyumba zosamalira okalamba ku Britain ndi m'zimbudzi za anthu olumala, pambali pa chingwe choyera cha magetsi pamalendewera china chofiira, chofika pafupi ndi pansi kuti ngakhale munthu wogwa achifikire. Chikakokedwa belu limalira, ndipo wosamalira amathamanga. Abale athu ogwira ntchito ya usiku m'nyumba zimenezi amadziwa kulira kwake, amadziwanso kuti chingwechi sichimangidwa mfundo kapena kukolekedwa pamwamba. Zingwe ziwirizi zinapangidwa ndi mtima umodzi, woteteza munthu amene ali yekha m'kachipinda kamadzi. Chofiira chizilira mokweza kuti thandizo lifike msanga. Choyera chikhoza kupuma usiku, chifukwa ntchito yake yapeza wolandizana naye.

Tibwerere m'nyumba ija cha m'ma 2 koloko. Gogo atsitsa miyendo pabedi, ndipo m'munsi mwa khoma kanyali kachikasu kayaka kokha, kuonetsa pamene pali masilipasi ndi pamene pali chitseko. Ayenda osapapasa. M'bafa kena kamulandira, kuunikira pansi pamene pangakhale madzi. Akamabwerera maso ake akuonabe bwino, ndipo tulo sitinathawe. Kuchipinda china khanda litembenuka pang'ono n'kupitiriza kugona, mayi ake osadziwa n'komwe kuti munthu anadzuka.